Tisagule mbereko msanga: phunziro la zitsime za mafuta ku Namibia

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2022, dziko la Namibia lidalandira uthenga wabwino kawiri m'masabata atatu okha. Pa 4 Febuluwale padamveka zoti kampani ya Shell yapeza mafuta pa chitsime chotchedwa Graff-1, chomwe idaboola pansi pa nyanja yamchere ya Atlantic. Pa 24 mwezi womwewo kampani ya TotalEnergies ya ku France nayo idalengeza kuti chitsime chake cha Venus-1X chakumana ndi mafuta abwino, opepuka, amene savuta kugulitsa. Manyuzipepala adalemba mitu ikuluikulu, andale adayamba kutchula mabiliyoni, ndipo dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni okha lidayamba kuikidwa m'gulu la maiko omwe alemere posachedwa.

Zaka zitatu zisanathe, mu Januwale 2025, Shell yomweyo idauza eni masheya ake kuti ikufufuta m'mabuku ndalama pafupifupi madola 400 miliyoni a ku America zomwe idalowetsa m'zitsime za ku Namibia. Palibe adanama, mafutawo alipo ndithu. Chidavuta n'choti kampaniyo sidaone njira yowatulutsira pansipo n'kupeza phindu. Pofika kumapeto kwa 2025, Namibia idali isanagulitseko ngakhale mgolo umodzi wa mafuta akewo.

Namibia ndi kutali, koma nkhaniyi ikutikhudza kaamba koti nafenso tili ndi nyanja yomwe takhala tikuuzidwa kuti pansi pake pangakhale mafuta. Tsiku lina wailesi idzatilengezera zotsatira za chitsime choyamba, kaya cha kuno kaya cha anansi athu, ndipo tiyenera kudzadziwa kamvedwe kake. Maganizo anga ndi oti zotsatira za chitsime chofufuzira ndi uthenga chabe wonena zomwe zili m'thanthwe. Boma lisamakongole ndalama podalira uthengawo, andale asamapemphere mavoti, ndipo ife nzika tisamavine tisanaone pepala la mgwirizano. Akuluakulu adaletsa kugula mbereko mwana asanabadwe, ndipo pa nkhani ya mafuta pathupi pake pamatenga zaka zambiri, nthawi zina n'kupita padera.

Kuti timvetse, tiyambe ndi momwe mafuta amafufuzidwira. Ntchito imayamba ndi sitima zomwe zimayenda pamwamba pa madzi zikukoka zipangizo zotumiza mkokomo pansi pa nyanja, n'kumamvetsera momwe mkokomowo ukubwererera. N'chimodzimodzi wogula mavwende pamsika amene amagogoda kuti amve ngati lakhwima. Kugogodako kumathandiza, koma zenizeni zimadziwika vwende likadulidwa. Akatswiri a miyala amajambula mapu a matanthwe a pansi, n'kuloza malo omwe akuganiza kuti mafuta adasonkhanapo. Kuti atsimikize, palibe kuchitira mwina koma kuboola.

Aliyense amene adaonapo anthu akukumba mjigo akudziwa kuti kuboola ndi juga. Galimoto ya makina imafika, mudzi wonse umasonkhana, fumbi limakwera, kenako matope. Pena madzi amatumphuka anthu n'kululutira. Pena amaboola mamita 60 osapeza kanthu. Penanso madzi amapezeka koma ochepa, oti amayi atatu akatunga mjigo wauma, kapena amchere ngati momwe zimakhalira m'madera ena a m'chigwa cha Shire. Pa mijigo yonseyi munthu angathe kunena kuti "tapeza madzi," koma wopatsa mudzi moyo ndi umodzi wokha.

Chitsime cha mafuta cha pakati pa nyanja ndi mjigo womwewo, kungoti mtengo wake ndi woopsa. Chitsime cha Venus-1X chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 290 kuchoka kugombe, womwe ukuyandikira ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Madzi a pamalopo ndi akuya mamita pafupifupi 3,000, kutanthauza kuti phiri la Mulanje mutaliika pamenepo, nsonga ya Sapitwa ingangosuzumira pang'ono pamwamba. Akafika pansi pa madziwo m'pamene kuboola thanthwe kumayambira, mamita ena oposa 3,000. Chitsime chimodzi chotere chimadya madola mamiliyoni makumimakumi, nthawi zina kuposa 100 miliyoni, ndipo zitsime zambiri zoboola kumalo atsopano sizibweza ndalamazo.

TotalEnergies idati pa chitsimecho idapeza thanthwe lokhala ndi mafuta lochindikala mamita 84. Apa pali chinthu chomwe ambiri timachiphonya. Mafuta sakhala pansi ngati dziwe loti n'kuponyamo ndowa. Amakhala m'timipata ting'onoting'ono ta m'thanthwe, monga madzi amalowerera m'njerwa yomwe yagona pamvula. Tsono funso limakhala loti, kodi thanthwelo lilola mafutawo kuyenda? Mlimi amadziwa kusiyana kwa dothi lamchenga ndi lamakande. Pamchenga madzi amadutsa msanga, pomwe pamakande amadikha osapita kulikonse. Thanthwe lingakhale lodzaza mafuta, koma ngati ndi lothinana ngati makande, chitsime chimangodontha.

Izi n'zomwe zidagwera Shell. Kampaniyi idaboola zitsime zisanu ndi zinayi m'chigawo chake m'zaka zitatu, ndipo zingapo mwa izo zidapeza mafuta. Koma thanthwe lake lidapezeka lothinana, komanso mafutawo ndi osakanikirana ndi gasi wochuluka. Gasi ameneyu amatuluka limodzi ndi mafuta ngati thovu la chakumwa cha m'botolo chomwe mwachikhutchumula. Kumuwotcha mumlengalenga n'kuwononga chilengedwe ndipo malamulo salola mwachisawawa. Kumupititsa kumtunda kumafuna paipi ya makilomita mazanamazana pansi pa nyanja. Kumubwezera pansi kumafuna makina amphamvu, chonsecho thanthwe lake ndi lomwe lija lokana kulowetsa kanthu. Njira iliyonse ndi ndalama, ndipo atawerengetsera, a Shell adaona kuti masamu sakutuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeneranso kudziwa amene uthenga wa zotsatira za chitsime umalembedwera. Makampaniwa amagulitsa masheya awo m'misika ya ku London, Paris, Lisbon ndi New York, ndipo chikalata cholengeza zotsatira chimalunjika kwa anthu ogula masheyawo. Mu Epulo 2024 kampani ya Galp ya ku Portugal idalengeza kuti malo ake otchedwa Mopane, ku Namibia komweko, angakhale ndi mafuta ndi gasi zofanana ndi migolo 10 biliyoni kapena kuposerapo. Msika utatsegulidwa, mtengo wa masheya a Galp udakwera ndi pafupifupi 20 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Amene adali ndi masheyawo adalemera tsiku lomwelo. Mayi wogulitsa nsomba ku Lüderitz kapena mnyamata wosowa ntchito ku Katutura sadaone kusintha kulikonse m'thumba mwake.

Nambala ya 10 biliyoni ija imafunanso kuimasulira. Imanena za mafuta onse omwe akuganiziridwa kuti ali m'thanthwe, osati omwe angatuluke. Pa dziko lonse, kawirikawiri mafuta amene amatheka kutulutsa amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a omwe ali pansi, ndipo m'matanthwe ovuta amachepa kuposa apo. Mgolo umodzi ndi malita 159. Munthu akatenga migolo 10 biliyoni n'kuchulukitsa ndi mtengo wa mafuta pamsika, amapeza nambala yozunguza mutu, n'kuyamba kuigawa kwa nzika zonse. Masamu otere ali ngati kuwerengera ndalama za fodya mbewu ikadali pa nazale, osachotsapo feteleza, aganyu, zigafa, thiransipoti ndi mabelo obwezedwa ku okushoni.

Si chitsime chilichonse cha ku Namibia chidabala uthenga wabwino. Mu Januwale 2025 womwewo, kampani ya Chevron ya ku America idati chitsime chake cha Kapana-1X sichidapeze mafuta kapena gasi woti n'kuchita naye malonda. Ndipo anthu a ku Namibia ali ndi chikumbutso china chakale. Gasi wa pamalo otchedwa Kudu adapezeka m'chaka cha 1974, dzikolo lisanalandire n'komwe ufulu. Makampani akhala akusinthana malowo, mapulani opangira magetsi alembedwa kangapo, koma patha zaka zoposa 50 gasiyo akadali pansi pa nyanja. Mwana amene adabadwa chaka chomwe Kudu adapezeka lero ali ndi zidzukulu.

Ngakhale zinthu zitayenda bwino, pamapita nthawi. Ku Ghana mafuta a Jubilee adapezeka mu 2007 ndipo adayamba kutuluka mu Disembala 2010, zomwe zidatengedwa ngati liwiro lodabwitsa. Ku Guyana chitsime cha Liza-1 chidapeza mafuta mu Meyi 2015, mgolo woyamba n'kutuluka mu Disembala 2019. Anansi athu a ku Mozambique adapeza gasi wochuluka m'nyanja ya ku Rovuma mu 2010, koma sitima yoyamba yonyamula gasiyo idanyamuka mu Novembala 2022, patatha zaka 12. Uganda, dziko lopanda doko ngati lathu, idapeza mafuta m'mbali mwa nyanja ya Albert mu 2006, koma pofika kumapeto kwa 2025 idali isanayambe kugulitsa, ikudikira paipi ya makilomita 1,443 yopita ku doko la Tanga ku Tanzania. Za Venus, zomwe TotalEnergies idanena mu 2025 n'zoti ikulinga kutulutsa migolo pafupifupi 150,000 patsiku, mafuta oyamba n'kudzaoneka cha m'ma 2029 kapena 2030.

Mafuta akayamba kutuluka, si boma lomwe limayamba kudya. Kampani imayamba yabweza ndalama zomwe idalowetsa. Chitsanzo chabwino ndi mgwirizano womwe Guyana idasainira mu 2016 ndi ExxonMobil ndi anzake. Pa migolo 100 iliyonse, makampani amaloledwa kutenga mpaka 75 kuti abweze zomwe adawononga. Migolo 25 yotsalayo amagawana pakati ndi boma, ndiye kuti boma limapeza 12 ndi theka, kuphatikizapo msonkho wa eni nthaka wa migolo iwiri yokha. M'zaka zoyambirira, mwini mafuta amatsala ndi migolo 14 ndi theka pa 100. Ku Namibia malamulo amapatsa boma msonkho wa eni nthaka wa 5 pa 100 ndi msonkho wa phindu wa 35 pa 100, ndipo kampani ya boma ya Namcor ili ndi gawo la 10 pa 100 m'zigawo za Graff ndi Venus. Koma msonkho wa phindu umabwera phindu likaoneka m'mabuku, ndipo amene amasunga mabukuwo ndi kampani.

Choopsa kwambiri chimachitika m'zaka za pakati pa kulengeza ndi kugulitsa. M'nyengo imeneyi m'pamene atsogoleri amayamba kudziona olemera, ndipo mabanki akunja amabwera ndi nkhope zomwetulira. Ku Mozambique, m'zaka za 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, adakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, boma n'kuikirapo chikole nyumba ya malamulo isakudziwa. Chiyembekezo chidali choti gasi adzabweza. Chinsinsi chitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza adaimitsa thandizo, ndalama ya metical idagwa, ndipo mitengo ya zakudya idakwera. Yemwe adali nduna ya zachuma, a Manuel Chang, adapezeka olakwa ku khoti la ku New York mu 2024. Koma amene adalipira kwambiri ndi mabanja wamba a ku Tete, Nampula ndi Lichinga, omwe sadasaine kalikonse.

Ghana nayo, ngakhale mafuta adatuluka msanga, idakongola mopitirira podalira chuma chatsopanocho. Mu 2015 idapita kukagwada ku IMF, ndipo mu Disembala 2022 idalengeza kuti yaimitsa kubweza ngongole zake zambiri zakunja. Tonse timamudziwa bambo amene amatenga katapila mu Januwale ponena kuti adzabweza akagulitsa fodya. Mvula ikadula kapena mitengo ikagwa, wakatapila amabwera kudzanyamula njinga, mbuzi ndi malata. Kusiyana kwake n'koti boma likachita zomwezo, malata omwe amazulidwa ndi a sukulu ndi chipatala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pali chikhulupiriro china chomwe chimamveka m'maminibasi ndi pa mizere ya pa filing'i siteshoni, choti dziko likapeza mafuta ake petulo amatsika mtengo. Zomwe zimatuluka m'chitsime ndi mafuta osayenga, oti simungathire m'galimoto. Amakwezedwa m'sitima pakati pa nyanja pomwepo n'kupita kwa amene wapereka mtengo wabwino, kaya ku Ulaya kaya ku China. Namibia ilibe fakitale yoyengera mafuta ndipo petulo ndi dizilo wake amachokera kunja. Nigeria yakhala ikutulutsa mafuta kwa zaka zoposa 60, koma kwa nthawi yaitali imagula petulo kunja ndipo anthu ake amagona pa mizere ngati ife. Boma la a Bola Tinubu litachotsa sabuside mu Meyi 2023, mtengo wa petulo udakwera pafupifupi katatu m'masiku ochepa. Kwa ife kuno, mafuta amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo mtengo wake umatsatira msika wa dziko lonse, mphamvu ya kwacha ndi kupezeka kwa ndalama zakunja. Chitsime cha ku Namibia sichisintha chilichonse mwa zimenezi.

Nkhani ya ntchito nayo imafuna kuinena moona. Mafuta a pakati pa nyanja amatulutsidwa ndi chombo chachikulu choyandama, chomwe kawirikawiri chimakhomedwa ku Asia n'kukokedwa kudzaikidwa pamalopo. Ogwira ntchito m'chombomo amakhala mazana ochepa, ambiri mwa iwo akatswiri a maphunziro apadera. Ku Namibia, komwe munthu woposa mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito alibe ntchito, chombo chimodzi sichingathetse ulova. Ntchito zochulukirapo zimapezeka kumtunda, monga kuwotcherera zitsulo, kukonza makina, kuphika, kunyamula katundu pa madoko a Walvis Bay ndi Lüderitz. Izinso zimapita kwa amene adakonzeka, amene sukulu zawo zaluso zidayamba kuphunzitsa achinyamata chitsime chisanaboledwe.

Wina anganene kuti ndikungogwetsa anthu mphwayi, ndipo kuti dziko losauka silingakane mwayi wotere. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu ndipo sindikuikana. Kufufuza mafuta pakokha si tchimo. Chitsime chikapezeka chouma, amene waluza ndi kampani, ndipo dziko limatsala ndi chidziwitso cha miyala yake chomwe silikadatha kuchilipira lokha. Madola 400 miliyoni a Shell aja sadachoke m'thumba la boma la Namibia. Komanso chitsime chimodzi cholephera sichitseka nkhani. Ku Norway makampani adaboola zitsime zoposa 30 osapeza cholozeka, ena atayamba kale kulongedza, kenako kumapeto kwa 1969 kampani ya Phillips idapeza Ekofisk. Guyana, dziko la anthu pafupifupi 800,000, mu 2024 imatulutsa migolo yoposa 600,000 patsiku ndipo chuma chake chidakula mofulumira kuposa cha dziko lina lililonse m'zaka zimenezo.

Koma taonani chomwe chidapulumutsa Norway. Dzikolo lidali kale ndi makhoti odalirika, nyumba ya malamulo yamphamvu ndi ogwira ntchito m'boma oopa ndalama za anthu. Mu 1990 lidakhazikitsa thumba losungira ndalama za mafuta, ndalama zoyamba n'kulowamo mu 1996, ndipo lidadziikira lamulo loti chaka chilichonse boma lizigwiritsa ntchito gawo laling'ono chabe, lofanana ndi phindu lomwe thumbalo likuyembekezeka kupanga. Mafuta adapeza nyumba yosesa kale. Ku Guyana, ngakhale ndalama zikulowa, anthu akadali kudandaula ndi mgwirizano wa 2016 uja, womwe udabisidwa mpaka kumapeto kwa 2017, pamodzi ndi madola 18 miliyoni omwe boma lidalandira posaina osauza anthu. Mafuta amakulitsa khalidwe lomwe apeza m'dziko, labwino kapena loipa.

Namibia yayesako kukonzeka. Mu 2022 malemu pulezidenti Hage Geingob adakhazikitsa thumba losungira chuma cha mtsogolo lotchedwa Welwitschia, ndipo pulezidenti Netumbo Nandi-Ndaitwah atalowa m'boma mu Malichi 2025 adaika nkhani za mafuta pansi pa ofesi yawo. Ena akuti izi zithandiza kuti zinthu ziziyenda msanga, ena akuopa kuti mphamvu zaunjikana malo amodzi. Mantha awo ali ndi gwero. Mu Novembala 2019 nduna ziwiri, a Bernhard Esau ndi a Sacky Shanghala, zidatula pansi maudindo pa nkhani yotchedwa Fishrot, yokhudza ziphuphu pa ziphaso zophera nsomba m'nyanja yomweyo. Ngati zidatheka ndi nsomba, zomwe aliyense amaziona pa doko, kuli bwanji mafuta okwezedwa m'sitima pa mtunda wa makilomita 290 kuchoka kugombe?

Tisaiwalenso kuti chitsime chofufuzira chimatha kubala tsoka. Pa 20 Epulo 2010, chitsime cha Macondo chomwe kampani ya BP imaboola ku Gulf of Mexico chidaphulika, chombo cha Deepwater Horizon chidapsa, ndipo anthu 11 adafa. Mafuta adakhala akutayika kwa masiku 87, migolo mamiliyoni angapo, chonsecho ili lidali dziko la America, lomwe lili ndi akatswiri, zombo ndi ndalama. Asodzi adaletsedwa kupha nsomba m'dera lalikulu kwa miyezi. Chitsime chimenechi chidapezadi mafuta, ndipo zotsatira zake zikadalengezedwa ngati uthenga wabwino chikadapanda kuphulika.

Tsopano tibwere kwathu. Mu 2011 boma lidapereka chiphaso chofufuzira mafuta kumpoto kwa nyanja ya Malawi ku kampani ya Surestream Petroleum ya ku Britain, ndipo dziko lidagawidwa m'zigawo zisanu ndi chimodzi. Chotsatira choyamba sichidali mafuta ayi. Mu 2012 mkangano wakale wa malire a panyanja ndi Tanzania udabukanso, mpaka nkhani idakafika kwa amkhalapakati otsogozedwa ndi a Joaquim Chissano. Mu Meyi 2014, patatsala masiku ochepa kuti chisankho chichitike, mapangano ena ogawana mafuta adasainidwa, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho boma latsopano lidaimitsa ziphaso kuti liziunike. Zonsezi zidachitika popanda chitsime chofufuzira mafuta ngakhale chimodzi m'nyanjamo. Tidayamba kukangana za ndiwo mbewa ikadali kuuna.

Nyanja yathu ndi yosiyana ndi Atlantic. Ndi yamadzi akumwa, yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo potulukira pake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire. Madzi ake amatenga zaka mazana kuti asinthike onse, kotero chomwe chatayikiramo chimakhalitsa. Muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi abwino pa dziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake mu 1984 bungwe la UNESCO lidaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse. Usipa, utaka ndi chambo zomwe zimagulitsidwa pa misika ya Jenda, Lizulu, Mponela ndi Luchenza zimachokera m'madzi amenewa. Magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira Shire, monganso madzi omwe anthu a ku Blantyre amamwa. Madzi akatayika saoleka. Chuma chomwe chikudyetsa mabanja lero tisachiike pa juga ya chuma chomwe sichidaoneke.

Tili nalonso phunziro lathulathu la Kayelekera ku Karonga. Mgodi wa yureniyamu udatsegulidwa mu 2009 ndi chiyembekezo chachikulu, boma litachepetsa misonkho kuti kampani ibwere. Mu 2014 mitengo itagwa pamsika wa dziko lonse, ntchito idaima ndipo anthu ambiri adachotsedwa. Padapita zaka zoposa khumi mgodiwo usanayambirenso mu 2025 pansi pa kampani ina. Mtengo wa zinthu zokumbidwa pansi suikidwa ku Lilongwe kapena ku Windhoek, ndipo mgwirizano wosainidwa mwachangu umamanga dziko kwa zaka zambiri.

Tsono tsiku lomwe tidzamve kuti chitsime chapeza mafuta, tidzafunse mafunso oyenera. Kodi adayesa kuwatulutsa, ndipo amatuluka migolo ingati patsiku? Nambala yomwe akutchula ndi ya mafuta omwe ali m'thanthwe kapena omwe angatheke kutulutsa? Gasi achita naye chiyani? Kampani yaika kale ndalama zoyambira ntchito kapena ikadali kuganizira? Pa migolo 100 iliyonse, boma litenga ingati m'zaka zisanu zoyamba? Eni ake enieni a kampani zing'onozing'ono zomwe zili ndi magawo m'chiphasocho ndi ndani? Mafuta atatayika, alipire ndani, ndipo ndalama zake zasungidwa kuti? Mafunso amenewa safuna digiri. Mphunzitsi, mfumu, wabizinesi wa pa tauni ndi mlimi angathe kuwafunsa phungu wawo akabwera pa msonkhano.

Zida zofunsira tili nazo. Dziko lino lidalowa m'bungwe la EITI mu 2015, lomwe limafuna kuti ndalama zochokera ku migodi ndi mafuta ziziululidwa, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Chomwe chatsala n'kukonzanso lamulo la mafuta la 1983 kuti ligwirizane ndi nthawi ino, kuti mgwirizano uliwonse uzidutsa ku nyumba ya malamulo ndi kusindikizidwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, komanso kuti pakhale lamulo loletsa kukongola ndalama poika chikole mafuta omwe sadatuluke. Zinthu izi n'zosavuta kuchita lero, pomwe palibe ndalama zoti anthu akanganirane. Chitsime chikadzapeza kanthu, aliyense adzakhala ndi mbali, ndipo mawu a msodzi wa ku Nkhata Bay kapena Makanjira sadzamvekanso.

Namibia ingadzapindule ndi Venus ndi Mopane, ndipo tiwafunire zabwino abale athu a mu SADC. Koma zaka zomwe zapita chilengezereni zatiphunzitsa kuti pakati pa mawu oti "mafuta apezeka" ndi mankhwala ofika pa chipatala cha boma pali thanthwe lothinana, gasi wosowa kopita, ngongole za kampani, mitengo ya pamsika ndi manja ambiri a anthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakadali pano, ndalama zogulira feteleza ndi fizi ya ana zichokerabe ku munda, ku msika ndi ku nyanja yomwe tili nayo kale, ndipo boma lizilemba bajeti yake podalira zomwezo.